ZA UMOYO PA MUDZI: Cimanga ca olenji ndi nkhokwe ya m'thupi

Akulu-akulu ambiri a ku Petauke ndi ku Nyimba akaona ufa wosayera amakumbuka njala ya 1992, pamene m'midzi munagawidwa cimanga cacikasu cocokera kunja. Cifukwa ca ici, ena amakana cimanga ca olenji asanacilawe n'komwe. Komatu mbeu ziwirizi n'zosiyana. Ca olenji cinatulutsidwa m'dziko muno mu 2012, ndipo cinapezeka mwa kukwatitsa mitundu ya cimanga kuti cikhale ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A. Mwana wosowa vitaminiyu saona bwino kukayamba kuda, ndipo cikuku cimamfooketsa msanga.

Umboni wake unacokera ku Nyimba komweko. Mu 2012 akatswiri a Tropical Diseases Research Centre ya ku Ndola, a National Food and Nutrition Commission ndi a University of Wisconsin ya ku America anatenga ana 140 a zaka 5 kufikira 7, nawagawa patatu. Kwa masiku 90 ena anadya nsima yoyera cabe, ena nsima ya olenji, ndipo ena nsima yoyera pamodzi ndi mankhwala a vitamini A. Pomaliza kunaoneka kuti nsima ya olenji inaonjezera vitamini m'thupi monga momwe anacitira mankhwala aja.

Koma cimene cinadabwitsa akatswiriwo ndi cina. Thupi limasunga vitamini A m'ciwindi monga mlimi asungira cimanga m'nkhokwe. Poyesa anawo asanayambe kudyetsedwa, anapeza kuti 59 mwa ana 100 alionse anali ndi nkhokwe yosefukira, kupitirira muyeso woyenera. Anabwera kudzafuna ana osowa, napeza ambiri ocita kucurukidwa! Akatswiriwo analoza ku zinthu zingapo zokumana m'thupi limodzi: shuga wogula, amene amathiridwa vitamini A kuyambira 1998, mankhwala a vitamini amene ana osafika zaka 5 amalandira kawiri pa caka, ndiponso ndiwo zamasamba ndi mango. Pa nyengo ya mango ana ena anacita kusanduka acikasu m'manja, ngakhale kuti zimenezo zokha si matenda.

Apa m'pamene pagona ubwino wa cimanga cija. Zocokera ku mbeu thupi limazisandutsa molingana ndi kusowa kwace; likakhuta limacepetsa lokha. Vitamini wa m'mankhwala amapita m'nkhokwe ali wokonzeka kale, ndipo akacuruka kwa nthawi yaitali angavulaze ciwindi ndi mafupa.

Izi sizitanthauza kuti amai aleke kupita ndi ana ku sikelo, pakuti ana osowa vitaminiyu alipobe. Cofunika n'cakuti kadi ya mwana isatsale kunyumba, kuti anamwino aone tsiku limene anamwa komaliza, asampatsenso kaciwiri nthawi isanakwane.