"MA PARTS SANAFIKE" SI YANKHO: RECALL YA MA SHOCK NDI NGONGOLE YAWO

Anzanga a geni, ma transporter, eni maminibasi ndi nonse oyenda msewu wa Joni, wa Dar ndi wa Lusaka, post iyi ndi yaitali koma chonde iwerengeni mpaka kumapeto. Pali khalidwe limene talizolowera mpaka tayamba kuliona ngati labwinobwino. Kampani yopanga galimoto imalengeza yokha kuti ma shock a galimoto za mtundu wakuti ali ndi vuto, bweretsani tidzasinthe ulere. Ndiye recall imeneyo. Mwapita kwa dealer, alemba dzina ndi foni yanu, akuti ma parts sanafike, tidzakuimbirani. Mwezi watha, wachiwiri watha, wachitatu uwo, foni ili zii. Inu mwapakira katundu, mwakoleka trailer, mwalowanso msewu ndi ma shock omwe aja, n'kumati nanga titani.

Ine ndikuti chochita chilipo, ndipo choyamba n'kusiya kulowa mu ofesi ya dealer chipewa chili m'manja ngati tikukapempha ufa. Recall ndi chivomerezo. Kampani yavomera pagulu kuti inakugulitsani chinthu cholakwika chimene chingathe kupweteka anthu. Munthu amene wavomera kuti anakugulitsani katundu wowonongeka ali nanu ngongole. Tonse pano timadziwa kutsata ngongole. Kasitomala akatenga mabulangete awiri n'kumangoti mawa, mawa, timamupeza kunyumba m'mawa asanasambe. Koma akakhala munthu wa tayi kuseri kwa kauntala, tikuti zikomo bwana, tidikira. Ulemu umenewu ukutiphetsa.

Ena m'gulu muno mumati ma shock ndi a anthu ofuna kuyenda mofewa, bola injini ndi mabuleki zili bwino. Bodza limeneli lithe. Katundu amanyamulidwa ndi ma spring. Ntchito ya shock ndi kuletsa spring kuti isapitirize kudumpha galimoto ikamenya dzenje, kuti tayala likhale logwira pansi. Tayala likakhala m'malere, ngakhale kanthawi kochepa chotani, buleki sigwira ndipo chiwongolero sichimvera. N'chifukwa chake galimoto ya ma shock akufa imatenga mtunda wautali kuti iime, imagwada kutsogolo mukaponda buleki, imapendama kwambiri pakhota, ndipo matayala amadyeka mabangamabanga. Usiku magetsi amawala kumwamba kenako pansi, kuthobwa anzanu akutsogolo. Kumbuyo kukakhala trailer, kuvina kwa galimoto kumapita ku trailer, trailer n'kuyamba kugwedeza galimoto. Amene munaonapo trailer ikupukusa mchira pa liwiro mukudziwa mmene zimathera.

Munthu wa mu tauni amene amangopita kuntchito ndi kubwerera mwina angathe kudikira miyezi itatu akuyenda pang'onopang'ono. Ife ulendo umodzi ndi Musina, Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, galimoto itadzaza, mbali yaikulu tikuyenda usiku. Ena mumatsika makhota a Chiweta, ena mumalimbana ndi maenje a msewu wa Nakonde. Shock imene ili ndi vuto la ku fakitale imathera pa misewu ngati imeneyi. Ndipo ikathyokera pakati pa Tete ndi Zobue, amene analemba dzina lanu uja sakhalapo. Breakdown mulipira nokha, mlonda wa katundu mulipira nokha, makasitomala odikira katundu wawo akutukwanani inu. Masiku nawo akutha: Mmalawi ku South Africa amapatsidwa masiku 30, TIP ya galimoto ilinso ndi malire ake. Sabata iliyonse imene dealer akuchedwa, bilu yake imagwera ife.

Ndikudziwa ena muti, nanga ngati ma parts kulibedi, dealer awatenga kuti? Zimachitikadi. Nkhani ya ma airbag a Takata inakhudza magalimoto ankhaninkhani padziko lonse, kusintha kunatenga zaka, kampaniyo mpaka inagwa mu 2017. Ku America, mu January 2025, Ford inaitanitsa ma Bronco pafupifupi 150,000 chifukwa ma shock akumbuyo ankatha kuchita dzimbiri mpaka kathanki kake kothoka n'kugwera pamsewu, ndipo chilengezo chinatuluka njira yokonzera isanakonzeke. Ndiye kusowa kwa ma parts sindikukana. Chimene ndikukana n'chakuti kusowako kukhale mathero a nkhani. Dealer wopanda ma parts akhoza kukuuzani tsiku limene anaoda ndi limene akuyembekeza. Akhoza kuikweza galimoto, kuiyang'ana, n'kulemba ngati ili yoyenera kuyenda ndi katundu kapena ayi. Akhoza kufunsa ku likulu ngati mungaloledwe kuikitsa ma shock ena iwo n'kubweza ndalama. Zonsezi sizifuna kontena yochokera kunja, zimangofuna cholembera. Akakana kulemba kuti galimoto ili bwino, dziwani kuti wakuyankhani kale.

Ena muti, galimoto zathu zambiri ndi za ex-Japan, tinaitanitsa tokha kudzera ku Dar kapena ku Durban, dealer atimvera bwanji? Apa tinene zoona, mphamvu zathu n'zochepa. South Africa salola kugulitsa m'dziko mwake galimoto zakale zochokera kunja, zija za ku Durban zimangodutsa, ndiye dealer wa ku Joni akhoza kunena kuti mtundu umenewu mu kompyuta mwake mulibe. Kalata ya recall nayo imapita kwa mwini wakale ku Japan, inu simuiona n'komwe. Koma vuto la ku fakitale limatsata chassis number, silisintha chifukwa galimoto yawoloka nyanja. Makampani a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pomwe mumalemba chassis number n'kuona ngati pali recall imene sinakonzedwe. Ali m'Chijapani, koma foni imamasulira. Boma la Japan lenilenilo linafika poletsa, kuyambira May 2018, kuti galimoto zina za ma airbag a Takata zosakonzedwa zipambane mayeso awo a pamsewu. Kwawo amaziona ngati nkhani ya moyo. Ndiye inu ogulitsa galimoto amene muli m'gulu muno, chimakuvutani n'chiyani kuyang'ana nambala musanaitanitse? Mumadziwa kuwerengera duty mpaka tambala yomaliza, koma mphindi zisanu zoona ngati galimoto ili ndi vuto lodziwika mulibe. Ogula, yambani kufunsa zimenezi musanapereke deposit.

Palinso anzathu otopa msanga amene amati, za recall zomwezo n'zotaya nthawi, ndingogula ma shock kwa Biwi kapena ku Limbe makaniko andiikire. Nthawi zina mukulondola, moyo sudikira kontena. Koma mukachita mwakachetechete mwailipirira kampani ngongole yake, ndiponso mwaithandiza kunena kuti kuno kulibe odandaula. Chinanso, ma shock otchipa opanda dzina akhoza kukhala oipa kuposa amene mwachotsawo. Ngati mwasankha njira imeneyi, ichiteni ndi mapepala.

Ochita nawo nkhani imeneyi, nazi zoyenera kutsata:

1. Tsimikizani kuti galimoto yanu ilimo. Recall imakhudza galimoto zopangidwa nthawi inayake, si zonse za dzina limenelo. Tengani VIN, ija ya zilembo ndi manambala 17, kapena chassis number ngati ndi ex-Japan, mufunse nambala ya recall yeniyeniyo. Nthawi zambiri zilibe kanthu kuti ndinu mwini wachiwiri kapena kuti warranty inatha.

2. Musachoke kwa dealer opanda job card kapena reference number yokhala ndi tsiku ndi makilomita. Zokambirana pafoni zimauluka. Mukatha kuyankhulana, tumizani email kapena WhatsApp yobwereza zimene mwagwirizana.

3. Funsani mafunso atatu molemba: ma parts afika liti, galimotoyi ndingayende nayo ndi katundu wokwana mlingo wake, ndipo ngati ayi mundithandiza bwanji pakadali pano. Pemphani galimoto yobwereka kapena chilolezo choikitsa kwina. Akhoza kukana, koma kukanako kukhale papepala.

4. Funsani ngati ntchitoyo ingachitikire kwa dealer wa dziko lina. Ngati munagula ku Polokwane koma mumakhalitsa ku Blantyre kapena ku Chipata, afotokoze amene akonze ndi amene alipire. Lembetsani mbali zonse ziwiri, ndipo musasiye galimoto kwa dealer ma parts asanafike pamene masiku anu akutha.

5. Ngati shock ikudontha mafuta, ikugogoda, yachita dzimbiri pamene imamangidwa, kapena galimoto ikupitiriza kudumpha mukaikanikiza pakona n'kuisiya, iimikeni. Ulendo umenewo katundu apite pa basi kapena kwa transporter mnzanu. Phindu lichepa, koma mubwerako.

6. Mukasintha nokha, dziwitsani dealer molemba musanayambe. Sinthani onse awiri a ekiselo imodzi, jambulani akalewo akadali pagalimoto, asungeni, sungani malisiti. Makampani ena amabweza ndalama, koma kwa munthu wa umboni. Recall isatsekedwe, ma parts akafika akaikebe.

7. Musawapatse chonamizira. Kulemera kumene galimoto imaloledwa kunalembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pakhomo. Mukapakira mpaka bumper kukhula pansi, tsiku la ngozi adzati vuto ndi katundu wanu, ndipo a inshuwalansi adzanena zomwezo. Galimoto imene ikudikira recall ichepetseni katundu ndi liwiro, trailer ikhale kunyumba.

Akapitiriza kukuzungulitsani, pitani pamwamba. Ngati munagula ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 lili mbali yanu. Gawo 56 limati katundu akapezeka ndi vuto m'miyezi 6 yoyamba, wogula ndiye amasankha kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Gawo 60 ndi la ma recall, ndipo amaliyang'anira ndi a National Consumer Commission. Gawo 61 limati katundu wolakwika akavulaza munthu kapena kuwononga chuma, wopanga, woitanitsa, wogawa ndi wogulitsa onse akhoza kuyankha mlandu. Kulinso Motor Industry Ombudsman of South Africa, kumene kudandaula n'kwaulere. Ku Malawi kuli Competition and Fair Trading Commission, ku Zambia kuli Competition and Consumer Protection Commission. Bungwe la COMESA loona za mpikisano ndi ogula lili ku Lilongwe komweko, ndipo limaona nkhani zodutsa malire a mayiko ake. Kungoti South Africa, Mozambique ndi Tanzania mu COMESA mulibe, ndiye dandaulo lanu lipite kumene munagula kapena kumene dealer wakukanirani.

Wina ati mabungwe amenewa amangodya ndalama. Kumbukirani Ford Kuga. Galimoto zija zinkayaka moto ku South Africa, munthu anafa, eni ake anadandaula nthawi yaitali. Atagwirizana, kusonkhanitsa zithunzi ndi kukanena ku National Consumer Commission, mu January 2017 galimoto zoposa 4,000 zinaitanitsidwa, ndipo mu 2019 kampaniyo inavomera kulipira chindapusa cha R35 miliyoni. Aliyense akanangodikira foni payekha, sizikanatheka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ife vuto lathu n'lakuti tabalalika. Wina akudikira ku Joni, wina ku Lusaka, wina ku Mzuzu, aliyense akuganiza kuti tsoka ndi lake yekha, ndipo dealer aliyense akumuuza kuti ndinu woyamba kudandaula. Gulu lino tinalipangira kuuzana za rate ya randi ndi mizere ya pa boda, koma lingathenso kugwira ntchito iyi. Amene mukudikira recall, ya ma shock kapena ina iliyonse, lembani pansipa mtundu wa galimoto, chaka chake, dziko limene munalembetsa ndi tsiku limene munalembetsa. Chassis number yonse ndi nambala ya galimoto musaike poyera, akuba nawo amawerenga. Tikapezeka angapo a vuto limodzi, tilembe kalata imodzi yopita ku likulu la kampani ndi ku bungwe la ogula, ma reference number onse ali pamenepo.

Ndipo inu amene mumakwera kapena kutumiza katundu ndi ma transporter, muli ndi ufulu wofunsa. Mukaona Quantum ikuvina pa hampu ngati bwato, trailer ili kumbuyo, funsani dalaivala musanakwere. Akakwiya, tsikani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhani iyi amene zikutipweteka ndi ife, chifukwa ndife timakhala pamwamba pa ma shock amenewa usiku wonse.