Galu wa Pakhomo ndi Mwana Wokhala Payekha

M'midzi yathu ya m'Chigwa cha Shire, kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka, muli ana ena amene sitiwaona kawirikawiri pabwalo la masewera, kusukulu ngakhale ku Sande Sukulu. Mwana wotere ndi wa thupi labwinobwino, wopanda chilema chooneka ndi maso. Koma mukamuitana dzina satembenuka, chonsecho phokoso la chigayo chakutali amalimva msanga nkutseka makutu ndi manja. Sayang'ana munthu m'maso. Saloza ndi chala kuti amayi ake aone chimene chamkondweretsa. Wina sayankhula konse. Wina amangobwereza mawu amene mwanena. Angathe kukhala tsiku lonse pansi pa mtengo wa masau akundandalika zitsekerero za mabotolo, ndipo mukasuntha chimodzi amalira ngati wamenyedwa.

Maina amene timawapatsa anawa tonse tiwadziwa, ndipo sitiwalemba pano. Ena amati mwanayo anamuika m'chizimba kuti atate ake alemere ndi ng'ombe. Ena amaloza agogo ake, osakumbukira kuti kutchula munthu mfiti kunaletsedwa ndi lamulo la dziko lino kuyambira mu 1911. Ngakhale pakati pa Akhristu funso la ophunzira a Ambuye pa Yohane 9 likadalipo, lofuna kudziwa amene anachimwa kuti mwana abadwe wotero. Yankho lake tinaliphunzira kale m'kalasi, koma pakhomo timaliiwala.

Madokotala amatcha mkhalidwe umenewu autism. Amene anayamba kuufotokoza momveka ndi Dr. Leo Kanner wa ku Baltimore, ku Amereka, amene mu 1943 analemba za ana 11 ofanana makhalidwe. Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linkati pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali wotero. Tsono sukulu ya ana 1,000, monga zilili zambiri za ku Nchalo ndi ku Bangula, iyenera kudzifunsa kuti ana ake khumi ali kuti. Ndi kapangidwe ka bongo kamene mwana amabadwa nako, ndipo kawirikawiri kamayenda m'magazi. Katemera sabweretsa autism, ngakhalenso kuipa mtima kwa mayi. Komabe choyamba ndi kupita naye mwanayo kuchipatala kuti akamuyeze makutu, pakuti kusamva kumafanana nazo, ndiponso malungo a mu bongo, amene kuno satisowa, amasiya ana ena atasintha khalidwe.

Tsono galu akubwera bwanji m'nkhani imeneyi? Mu 1953 ku New York kunali katswiri wa maganizo a ana dzina lake Boris Levinson, amene anali ndi galu wotchedwa Jingles. Tsiku lina mayi wina anafika ndi mwana wake nthawi isanakwane, galu akadali m'chipinda. Mwanayo anali wosafuna kuyankhula ndi munthu aliyense. Galu anamthamangira nayamba kumnyambita, ndipo mwana uja, m'malo mothawa, anamfungatira. Pa maulendo otsatira ankangosewera ndi galu, dokotala ali chete pambali, mpaka pang'onopang'ono analola kuti dokotalayo alowe nawo m'masewera. Levinson analemba zimenezi mu 1962. Anzake ambiri anamseka, monga ifenso tingaseke mkulu wa mpingo atabwera ndi galu ku sesoni.

Koma ena anayesa. Mu 1989 Redefer ndi Goodman anaonetsa kuti ana 12 a autism ankayandikira ndi kuchezera katswiri wowathandiza koposa pamene galu anali pomwepo, ngakhale kuti phindulo linacheperapo galu atachotsedwa. Ku Canada, kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anayamba kuphunzitsa agalu oti azikhala ndi ana otere kunyumba kwawo. Mu 2010 ofufuza a ku Québec anayeza malovu a ana 42 kuti aone mlingo wa cortisol, madzi amene thupi limatulutsa munthu akapanikizika. Galu atalowa m'nyumba mlingo wa m'mawa unatsika kwambiri, atamchotsa unakweranso. Masiku ano m'maiko amenewo muli agalu a mitundu iwiri: oyendera ana m'zipatala ndi m'masukulu pamodzi ndi mwini wawo, ndi okhala ndi mwana mmodzi usana ndi usiku. Onsewo amasankhidwa chifukwa cha kufatsa, ndipo a mtundu wachiwiriwo amaphunzitsidwa pafupifupi zaka ziwiri.

Ife amene tagwira choko zaka zambiri sitidabwa nazo kwenikweni. Taganizani zimene mwana ayenera kuchita mlendo akafika pakhomo. Agwade kapena anjute, apereke dzanja lamanja atagwira ndi lamanzere, amve funso, ayankhe ndi mawu aulemu, aone pankhope ngati mlendoyo akuseka kapena wakwiya, zonsezi pa kamphindi kamodzi. Kwa mwana wamba ndi zopepuka ngati kumwa madzi. Kwa mwana wa autism nkhope ya munthu ili ngati bolodi limene aphunzitsi asanu akulembapo nthawi imodzi. Maso akunena china, pakamwa china, mawu china, ndiponso ife akuluakulu timakonda kuyankhula mokuluwika. Galu alibe zonsezo. Akakondwa mchira ugwedezeka, akaopa mchira ulowa m'miyendo, ndipo mawa adzachita chimodzimodzi. Safunsa mafunso. Sanena kuti, "Tandiyang'ana ndikamayankhula." Mwana akalakwitsa mawu, galu saseka, ndipo sakakamba kwa anzake kuchitsime.

Apa ndi pamene pali phunziro. Mwana amene sanaitanepo munthu angathe kuitana galu, chifukwa akaitana chimachitika chinthu chooneka: galu amabwera. Waphunzira kuti mawu ali ndi ntchito. Akamdyetsa mkute ayenera kudikira kuti galu atsirize, ndipo kudikira ndiye muzu wa kucheza konse, poti kucheza ndi kupatsana mpata. Akamsisita mwamphamvu galu achoka, akasisita mofatsa agona pansi. Waphunzira kuti mnzake ali ndi zimene akonda ndi zimene sakonda. Chinanso n'chakuti galu amakoka ana ena. Amene ankadutsa kutali tsopano ayandikira kudzafunsa dzina la galu, ndipo onse akuyang'ana chinthu chimodzi, osati kuyang'anana m'maso, kumene mwana uja kumamlemera.

Komatu pasakhale kholo lowerenga izi nkuganiza kuti lapeza mankhwala. Autism sachizika ndi galu, ngakhale ndi mizu. Kafukufuku wambiri wa nkhaniyi anachitika pa ana ochepa, ndipo si ana onse amene anapindula. Ena amaopa kuuwa, ena amanyansidwa ndi fungo kapena malovu, ndipo kuwakakamiza ndi nkhanza. Ndiponso mu nkhani zonse tatchulazi munali munthu wamkulu pambali. Galu ali ngati bwato la pa doko: ntchito yake ndi kuolotsa, ndipo palibe amene amamanga nyumba m'bwato. Mwana akathera pa galu yekha, osafika kwa amayi ake ndi abale ake, ndiye kuti sanaoloke.

Agalu ophunzitsidwa aja ife tilibe, ndipo ndalama zake zingagule khola la ng'ombe. Koma agalu tili nawo pafupifupi khomo lililonse. Vuto ndi mmene timawasungira. Galu wa kwathu ndi mlonda ndi mlenje basi. Amadya zotsala, ngati zatsala. Akayandikira mbale alandira chikuni. Ana amamgenda akulu akuona. Dzina lake lenilenilo tinalisandutsa chitukwano. Ena amadyetsa galu zinthu zowawa kuti akhale wolusa, kenaka nkudabwa akaluma mwana wa m'nyumba momwemo. Galu wokulira m'mantha sangakhale bwenzi la mwana amene amakuwa mwadzidzidzi ndi kukupiza manja. Tisaiwale kuti m'fanizo la pa Luka 16, pamene mwini chuma ankadutsa Lazaro pachipata tsiku ndi tsiku, amene anayandikira wosaukayo anali agalu.

Ndipo pali chiwewe. Nthenda imeneyi imapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, palibenso chipatala chimene chingapulumutse munthu. Imfa za ana ku chipatala cha Queen Elizabeth ndi zimene zinachititsa kuti bungwe la Mission Rabies liyambe ntchito mu mzinda wa Blantyre mu 2015, pamene linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Kwa mwana wa autism ngoziyi ndi yowirikiza, chifukwa angathe kulumidwa kapena kukalidwa osanena kwa munthu. Chotero lamulo loyamba ndi ili: galu wosabayidwa katemera asayandikire mwanayo. Funsani alangizi a ziweto a dera lanu tsiku la katemera, sungani chikalata chake, ndipo muzibwereza monga iwo akuuzirani. Pomsambitsa mwana madzulo muziona thupi lonse. Mukapeza bala la mano, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati galuyo adwala.

Banja lofuna kuyesa lisankhe galu wamkulu msinkhu, wofatsa, wodziwika kuti sanalumepo munthu. Kagalu kakang'ono kamaluma posewera ndi kudumphira anthu, ndipo galu woyamwitsa ndi woopsa. Masiku oyamba mwana angoona patali pamene amayi ake akudyetsa galu. Akaonetsa chidwi, mpatseni mbale kuti akaike pansi yekha, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, poti ana awa amakhazikika mtima zinthu zikamachitika mwa dongosolo losasintha. Mawu akhale ochepa ndi omwewomwewo: "bwera", "idya", "khala". Kenaka mchemwali wake alowe nawo, wina agwire mbale wina athire madzi, mawa asinthane. Pambuyo pake mwana mmodzi wa pafupi, osati gulu. Kuno dzuwa la mwezi wa Okutobala limakwiyitsa ngakhale galu wofatsa, tsono nthawi yabwino ndi m'mawa kapena madzulo. Galu akudya, akugona kapena akachoka yekha, asiyidwe. Munthu wamkulu asachoke pamenepo ngakhale kukatenga moto.

Tichenjeze pa chinthu chimodzi. Ana ambiri a autism amachoka pakhomo mwakachetechete, ndipo amakopeka ndi madzi. Ku Canada galu wophunzitsidwa amalumikizidwa ndi mwana pa lamba kuti mwana akafuna kuthamangira pamsewu, galuyo aime nji, wamkulu atagwira chingwe. Wina atamva zimenezi angamange mwana wake kwa galu wa m'mudzi. Musatero. Galu wathu akaona kalulu adzamkoka mwanayo m'minga. Ife okhala pafupi ndi Shire, Mwanza ndi Ruo, ndi ngalande za m'minda ya nzimbe, ndi ng'ona zake, tiyenera kulondera mwana ndi maso a anthu. Pa madzi osefukira a 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023 mabanja anakhala miyezi m'misasa yodzaza ndi phokoso. Banja lokhala ndi mwana wotere lidziwitse amfumu ndi akulu a mlaga mvula isanayambe, kuti pothawa pakhale woligwira dzanja.

Nanga amene galu sangamuthe? Mu 2013 Marguerite O'Haire ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'masukulu a ku Brisbane, ku Australia, pa ana 99 oikidwa atatuatatu, mmodzi wa autism ndi awiri anzake. Nthawi zina ankawapatsa zidole, nthawi zina mbira ziwiri, zomwe zija timaweta m'khitchini. Pamene panali mbira, ana a autism ankayankhula kwambiri, kuyang'ana nkhope za anzawo, kumwetulira ndi kuseka kuposa pamene panali zidole. Mbira siuwa, imadya udzu ndi makoko a mbatata, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Kamwana ka mbuzi nakonso kangathandize. Ndipo ife a dziko la ng'ombe tiyenera kudziwa dzina la Temple Grandin, mayi wa ku Amereka wobadwa mu 1947, amene sanayankhule mpaka atapitirira zaka zitatu. Anazolowerana ndi ng'ombe pa famu ya azakhali ake, nazindikira zinthu zazing'ono zimene zimaziopsa, monga mthunzi kapena chitsulo chonyezimira, zimene abusa a ziweto sankaziona. Anakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado, ndipo makola amene iye anajambula afala kwambiri m'dziko lakwawo.

Kusukulu, aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, koma ndi ochepa, ndipo kalasi la ana 100 kapena kuposa limene tinazolowera kuyambira 1994 ndi malo owawa kwa mwana woopa phokoso. Makolo afunse ku ofesi ya maphunziro pa boma kumene kuli mphunzitsi wotere wapafupi. Chigwa chathu chinaphunzira kale, kudzera m'sukulu ya Lulwe ku Nsanje, kuti mwana wosaona angathe kuwerenga. Za mwana wokhala payekha tikadali m'mbuyo. Komiti ya sukulu ingathe kumanga kakhola ka mbira kuseri kwa ofesi, ana awiriawiri nkumasinthana kudyetsa, mwana uja ali pa ndandanda ngati wina aliyense. Amayi a Mvano akamayendera odwala ayenderenso mayi amene sanabwere ku tchalitchi chaka chathunthu chifukwa mwana wake anakuwa pakati pa ulaliki ndipo anthu anatembenuka. Amsungire malo pafupi ndi khomo, kuti mwana akalemedwa ndi nyimbo atuluke naye nkubwereranso popanda woyang'ana.