Ulendo wa Chaka Chino Ukhale wa ku Mapanga a Chongoni

Anzanga, nkhani ya ulendo wa sukulu ikangoyamba aliyense amafuula kuti "Kunyanja!" Ine ndikuti chaka chino galimoto ikaime ku Dedza, tikaone mapanga a Chongoni.

M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Zojambula zofiira anasiya ndi Akafula, alenje akalekale aja. Zoyera ndi za Achewa, zina za chinamwali, zina za Nyau. Izi timangoloweza m'kalasi kuti tikhoze mayeso, koma ndi angati pano anazionapo ndi maso?

Ine ndinafikako kuphanga la Chentcherere paulendo ndi amalume. Bambo woperekeza alendo anatiletsa kukhudza mwala, akuti thukuta la m'manja limawononga utoto. Chinandiwawa n'chakuti pambali pomwepo wina analembapo dzina lake ndi makala. Zoona zimenezo? Utoto umenewu ukafufutika palibe angaubwezeretse.

Ena muti, "Miyala tili nayo kumudzi, tilipirirenji woperekeza?" Aise, ukapita wekha umangoona mizere ndi madontho basi. Woperekezayo ndi amene amakuuza amene anajambula ndi chifukwa chake, komanso amaletsa anthu amakala aja.

Nyanja sithawa, tidzapita chaka china. Amene mukugwirizana nane, tiyeni tikawauze aphunzitsi a History tisanayambe kusonkha ndalama.