Mwana amakula, chithunzi sichisintha

Mu 1992, katswiri wojambula zithunzi wa ku America, Sally Mann, adatulutsa buku lotchedwa Immediate Family loonetsa ana ake atatu akusewera kumudzi ku Virginia, nthawi zina ali mbulanda. Ena adati ndi luso loonetsa kusalakwa kwa ubwana, ena adakwiya. Mu 2025 apolisi a ku Fort Worth adalanda zithunzi zake zingapo pachionetsero, ngakhale palibe amene adazengedwa mlandu.

Ife tikuti luso ndi labwino, koma mwana sadziwa komwe chithunzi chake chidzafike. Makolo, musanaike pa Facebook chithunzi cha mwana akusamba m'beseni, dzifunseni: kodi akadzakula adzakuthokozani? Ulemu wa mwana ngwake, si wa mwini kamera.