Madzi saiwala khwawa, nanga kaundula wa mbiri yathu ali kuti?

Abale anga, lero mundilole nditulutse zakukhosi, chifukwa nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Teremu yathayi ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 za database m'phunziro la Computer Studies. Zitsanzo za m'mabuku ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka: mayina a ophunzira, malikisi, katundu wa m'golosale. Nditaona ana akusinza ndi kutentha kwathu kuno kuchigwa, ndidati tiyeni tipange database ya zinthu zathuzathu, tilembe malo onse a mbiri yakale amene boma limateteza m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kalasi idadzuka. Mtsikana wina wa kumbuyo adakweza mkono nati, "Aphunzitsi, tikamaliza tiifunse kuti ndi malo angati amene madzi angadzakokolole." Ndivomere, funso lake lidaposa langa.

Kwa amene simudagwirepo zimenezi, database ndi kaundula amene amayankha mafunso. Malo aliwonse amakhala ndi mzere wakewake, ndipo pamzerepo pamakhala dzina, boma, mfumu yaikulu ya dera, manambala a GPS, amene amayang'anira, ndi tsiku limene akatswiri adapitako komaliza. Zikalembedwa choncho, mwana wa sekondale akhoza kutsegula Microsoft Access kapena SQLite n'kulemba:

SELECT dzina, mfumu FROM malo WHERE boma = 'Nsanje' AND osefukira = 'inde';

Apa akungouza kompyuta kuti ndipatse mayina a malo a ku Nsanje amene ali m'dera losefukira madzi, pamodzi ndi mafumu ake. Yankho limatuluka munthu usanaphethire. Koma kompyuta si sing'anga, siombeza ula. Imayankha zokhazo zimene mwaipatsa. Ndiye ine ndidanyamuka kukafuna mndandandawo ku ofesi ina ya boma. Adandilandira mwaulemu ndithu, n'kundiuza kuti, "Bambo aphunzitsi, zimenezo zimasungidwa kulikulu, mulembe kalata." Ndidalemba. Teremu idatha, ana adalemba mayeso, yankho osabwera. Tebulo lathu tidalidzaza ndi zimene tidatola m'mabuku a alendo, patsamba la UNESCO ndi pakamwa pa agogo a anawo.

Ndipo zotola zokhazo zidatidabwitsa. Ku Nsanje kuli Khulubvi, nkhalango yopatulika ya Mbona, kumene a Mang'anja akhala akupempha mvula kwa zaka mazanamazana. Mu 2011 boma lathu lidaika Khulubvi ndi malo ena a Mbona pamndandanda wa UNESCO wa malo oyembekezera kuvomerezedwa kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Wansembe wina wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, adalemba buku lonse la za Mbona lotchedwa River of Blood, lomwe lidatuluka mu 1992. Ku Chikwawa kuli kwa Chibisa, kumene David Livingstone adafika mu 1859 pa sitima ya Ma Robert, ndiponso kumene amishoni a UMCA adasamukira mu 1862 atachoka ku Magomero. Komweko kuli manda a Henry Scudamore ndi Dr John Dickinson amene adamwalira mu 1863. Chakumtunda, pafupi ndi mathithi a Kapichira, kuli manda a Richard Thornton, katswiri wa za miyala amene adamwalira chaka chomwecho. Bishopu Charles Mackenzie adatsikira kuli chete mu Januwale 1862 pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Nanga mafumu a Makololo, a Kasisi, a Mlilima, a Katunga, a Maseya, amene makolo awo adabwera ndi Livingstone kuchokera ku Zambezi? Nanga nyumba zakale za pa Nsanje, pomwe atsamunda ankapatcha Port Herald?

Zonsezi tikuzidziwa mwapatalipatali. Zimene sitidathe kulemba ndi zimene boma lokha lingatiuze: pamalo onsewa, otetezedwa ndi lamulo ndi ati? Malire ake akulekeza pati? Adakawaona liti komaliza? Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limapatsa nduna mphamvu yolengeza malo otetezedwa kudzera mu Gazette ya boma. Chabwino. Koma ndani kuno kwa Ngabu kapena kwa Tengani amawerenga Gazette? Chidziwitso chomwazika m'mapepala a zaka zosiyanasiyana sungachifunse funso. Chili ngati chimanga chotayikira mumchenga, chilipo ndithu koma nsima yake sungadye.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi madzi. Ife a kuchigwa tidawaona mu Januwale 2015. Tidawaonanso mu Malichi 2019 nthawi ya Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la magetsi pa Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima. Mu Malichi 2023 adabwera Freddy. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo adzabweranso. Mapu a madera osefukira alipo, mpaka boma lidakhazikitsa MASDAP, malo a pa intaneti oikapo mapu otere kuti aliyense atenge. Tikadakhala ndi tebulo la malo a mbiri lokhala ndi manambala a GPS, kulumikiza ziwirizi ndi ntchito ya masana amodzi. Tikadadziwa manda oyamba kuwamangira mpanda, ndi nyumba yoyamba kuijambula isanagwe. Mmene zililimu, Shire akadya gombe n'kutenga malo ena, sitidzadziwa n'komwe kuti tataya chiyani.

Chimodzimodzi ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ya ku Chichiri ili ku Blantyre, ina ili ku Mangochi, ina ku Mzuzu, ya za mtengatenga ili pa Namaka, ndipo ku Karonga adatsegula yawo mu 2004. Mwana wa ku Marka kapena ku Chapananga kuti akafike ku Chichiri ndi ndalama zoti makolo ake agulire thumba la chimanga. Alendo oyamba adalemba kuti a Mang'anja anali akatswiri osula makasu ndi kuomba nsalu za thonje. Kodi m'nyumba zimenezi muli zinthu zingati zochokera kuno? Zidatengedwa m'midzi iti, chaka chanji? Kaundula wa katunduyo atakhala poyera, mwana angalembe funso limodzi n'kuona khasu la kwa agogo ake ali pansi pa mtengo wa msawu.

Zimenezi si maloto. Anzathu a ku South Africa ali ndi SAHRIS kuyambira 2012, mmene munthu amafufuza malo a mbiri ali pakhomo pake. Ku England kaundula wawo ali ndi malo ndi nyumba pafupifupi 400,000 ndipo aliyense akhoza kumutenga n'kumufunsa mmene akufunira. Palinso pulogalamu yaulere yotchedwa Arches, imene a Getty Conservation Institute ndi World Monuments Fund adapangira ntchito yomweyi. Ife malo athu si ochuluka chotero. Fayilo imodzi ya Excel ingakwane.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe. Muti tikaulula malo, akuba adzakafukula. Ndifunse: amene amafukula manda ndi kudula mitengo ya kudambwe amadikira intaneti? Iwo njira amaidziwa kale. Osadziwa ndi mphunzitsi, khansala, ndi kontilakitala amene akulambula msewu. Amene amaononga mosadziwa ndi ambiri kuposa akuba.

Ena muti Khulubvi si malo oseweretsa, ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Apo ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse. Kumeneko sulowa ndi nsapato, sulowa mmene wafunira. Koma ubwino wa database ndi womwewo, umatha kuonetsa zina n'kubisa zina. Gogo Chalo Lundu, mafumu ndi osunga kachisi ndiwo anene zoti anthu aone ndi zoti zikhale zam'kati. Kulemba kuti nkhalangoyi ndi yotetezedwa ndipo malire ake ndi awa si kuulula chinsinsi cha Mbona. Ndi kumuikira mboni tsiku limene wina adzafune kulimamo.

Enanso muti aphunzitsi, anthu akugona ndi njala, inu mukulira manda a azungu? Ndayamba ndi Mbona dala, chifukwa mbiriyi si ya azungu okha. Ndipo manda a amishoniwo amasimbanso za makolo athu amene ankathawa ukapolo ndi chilala cha m'zaka za 1862 ndi 1863. Komanso sindikupempha nyumba yansanjika kapena galimoto. Ndikupempha kuti zolembedwa kale, zimene misonkho yathu idalipira, azitaipe m'mizere.

Si chifundo chimene ndikupempha ayi. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa nzika ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Choncho pempho langa kwa a nthambi ya Museums and Monuments ndi ili: tulutsani mndandanda wa malo onse otetezedwa, boma ndi boma, mufayilo yoti kompyuta iwerenge, osati chithunzi cha pepala. Pamene simudayendere kwa zaka zambiri lembani choncho, musachite manyazi. Mpata wopanda kanthu nawonso ndi yankho, umationetsa pofunika kupita.

Kwa aphunzitsi anzanga a History, Geography ndi Computer Studies kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka, tisangodandaula. Sukulu iliyonse ilembe kalata yopempha mndandandawu motsatira lamulo. Podikira yankho, titume ana kwa mafumu ndi kwa agogo, alembe dzina la malo, mudzi, nkhani yake, ndipo pamene eni ake alola atenge manambala a GPS pafoni. Tidzaphatikize matebulo athu.

Mtsikana uja chaka chamawa akulemba mayeso a MSCE. Funso lake lidakali m'kope langa, ndipo ndikufuna aone yankho lake mvula ina isanagwe.