Mawu a Mkonzi: Tulo ta dalaivala pa Great East Road

Ulendo wa basi kuchoka pa Intercity ku Lusaka kufika ku Chipata ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo umatenga maola 8 kapena kuposerapo. Wokwera akatsika amakasamba n'kugona kunyumba. Dalaivala nthawi zambiri amadzipinda pa mpando wakumbuyo wa basi yomweyo, udzudzu ukumulirira m'khutu, m'bandakucha n'kulizanso injini. Mapiri a Manenekela ndi makhotakhota a ku Kacholola amafuna maso akuthwa, koma amene amafika pamenepo ndi munthu woti tulo sitinamukwane.

Gwero la kutopaku ndi kalipiridwe. Pa maminibasi ndi matakisi a ku Katete, Petauke ndi Lundazi, mwini galimoto amatchula ndalama yoti alandire pa tsiku, imene anthu amati kashing'i. Dalaivala amayamba wapeza imeneyo, ya mafuta ndi ya ang'wang'wazi a pa siteshoni. Zotsala ndiye amagawana ndi kondakitala. Munthu wotere sangaime kuti apume, ndipo tayala likasalala salimba mtima kuuza abwana kuti galimoto igone, poti tsiku limenelo kunyumba poto sakhala pamoto. Liwiro ndi kuthithikana kwa anthu, zimene okwera amadandaula nazo, zimabadwira pomwepa.

Ngozi zimamveka pa wailesi, koma matenda a ntchitoyi amadya munthu mwakachetechete. Kukhala pa chiwongolero tsiku lonse kumapweteketsa msana. Chakudya chimakhala chipisi, nyama yootcha ndi zakumwa zothamangitsa tulo, zimene zimaitana kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kusowa kwa zimbudzi zaukhondo kumachititsa ambiri kupewa madzi kapena kusunga mkodzo. Kondakitala amapuma utsi ndi fumbi ali pakhomo, ndipo m'minibasi yotseka mawindo chifuwa chachikulu chimafala mosavuta.

Malamulo alipo. Employment Code Act ya 2019 imaika maola 48 ogwira ntchito pa sabata. Workers' Compensation Fund Control Board imalipira wantchito wovulala pa ntchito, NAPSA imasunga penshoni, ndipo NHIMA imathandiza pa mabilu a kuchipatala. Vuto n'lakuti zonsezi zimayenda bwino munthu akalembetsedwa, pomwe madalaivala ndi makondakitala ambiri analembedwa ntchito ndi mawu apakamwa pansi pa mtengo. Wotere akathyoka mwendo, mawa lake makiyi amapatsidwa kwa wina, iye n'kutsala pa bedi ku St Francis ku Katete akudikira thandizo la achibale.

Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda kuyambira 21:00 kufika 05:00. Cholinga chinali chabwino, koma lamulolo linayang'ana nthawi imene basi ili pamsewu, osati maola amene woyendetsa wagona. Apa ndi pamene bungwe loona za pamsewu la RTSA liyenera kuikapo mtima. Basi ya ulendo wautali izikhala ndi madalaivala awiri osinthana, ndipo buku la maola awo liziwonedwa pa rodibuloko monga mmene amawonera laisensi ndi fitinesi. Mwini galimoto asamapatsidwe chilolezo chonyamula anthu asanaonetse kuti antchito ake ali ndi mgwirizano wolembedwa ndipo analembetsedwa ku mabungwe aja.

Makhonsolo amene amatolera ndalama m'masiteshoni tsiku ndi tsiku ali ndi gawo lawo: zimbudzi, madzi akumwa ndi chipinda chogonamo madalaivala. Achipatala akhoza kumabwera pa siteshoni ya Kapata ku Chipata kamodzi pa mwezi kudzayeza magazi, shuga ndi maso, chifukwa dalaivala wa kashing'i sangataye tsiku ali pa mzere wa kuchipatala. Anyamata a njinga zamoto, amene achuluka mu Chipata, nawonso awerengedwe: ambiri amanyamula anthu awiri kumbuyo, opanda chipewa choteteza mutu ngakhale chimodzi.