Chikho chimodzi, mudzi wonse phulusa

M'mabuku ambiri a mbiri yakale dzina la Walter Raleigh limalembedwa ngati la ngwazi imene inatsegulira Angerezi njira ya ku America. Ife tikuti nkhaniyi iwerengedwenso, koma kuyambira kumbali ya eni nthaka amene zombozo zinawapeza ali pakwawo.

Zonse zinayamba ndi pepala. Mu 1578 Mfumukazi Elizabeth Yoyamba inapatsa Humphrey Gilbert chikalata chomuloleza kutenga dziko lililonse losakhala m'manja mwa mfumu yachikhristu. Taganizani! Munthu ali phee ku London, koma akugawa minda ya anthu amene sanawaonepo ndipo sanawafunse. Gilbert anafika ku Newfoundland mu 1583, koma pobwerera chombo chake chinamira, iye nafera m'nyanja. Chaka chotsatira chilolezo chonga chomwecho chinaperekedwa kwa Raleigh, mbale wake wa bere limodzi.

Amithenga a Raleigh atafika pa chilumba cha Roanoke, m'dera limene lero ndi North Carolina, eni dziko anawalandira bwino ndi kuwadyetsa. Tsono mu 1585 Richard Grenville anabwera ndi amuna oposa 100 kudzamanga mudzi. Chombo chawo chachikulu, Tiger, chinatsakamira pamchenga, madzi a m'nyanja naononga chakudya chambiri. Kuyambira tsiku limenelo moyo wa alendowa unali m'nkhokwe za eni mudzi.

Nanga anathokoza bwanji? Mu Julaye chaka chomwecho chikho chasiliva chinasowa, ndipo anaganizira anthu a m'mudzi wa Aquascogoc. Mlandu sunazengedwe. Chikho chitapanda kubwezedwa, Angerezi anatentha mudzi wonse pamodzi ndi chimanga. Anthu anjala kutentha chimanga chifukwa cha chikho! Kodi nzeru zake zili pati pamenepa?

Grenville atabwerera kwawo, mtsogoleri anali Ralph Lane. Anthu a mfumu Wingina anawapatsa chimanga ndi kuwatchera nsomba, kufikira anatopa ndi alendo odya osalima. Lane anaona ngati mfumuyo ikumukonzera chiwembu. Mu Juni 1586 anapita kwa iyo ngati wodzakambirana, koma anyamata ake anaiwombera ndi kuidula mutu. Patangopita masiku owerengeka, Francis Drake anatulukira ndi zombo zake, ndipo gulu la Lane linakwera ulendo wa ku England.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Amene anapeza mlomowo ndi ena. Mu 1587 John White anafika ndi anthu oposa 110, mwa iwo amayi ndi ana. Asanakhazikike n'komwe, mmodzi wa iwo, George Howe, anaphedwa. Pobwezera, anthu a White anaukira mudzi usiku, koma kunapezeka kuti akantha anthu a ku Croatoan, abwenzi okhawo amene anawatsalira. White anabwerera kukatenga chakudya, nkhondo ya England ndi Spain inamuchedwetsa, ndipo pofikanso mu 1590 anapeza bwinja. Pamtengo wa linga panali patazokotedwa liwu limodzi: CROATOAN. Mdzukulu wake Virginia Dare, wobadwira komweko, sanamuonenso.

Alipo amene anena kuti tisaweruze anthu akale ndi muyeso wa lero, popeza nthawi imeneyo nkhanza zinali paliponse. Ayi ndithu. Thomas Harriot, katswiri wa masamu amene anali m'gulu la Lane, analemba yekha kuti anzake ena anapha anthu pa zifukwa zimene akanatha kungopirira. Ankadziwa kuti n'kulakwa. Chimene chinasowa ndi munthu wowaletsa, pakuti mphamvu zawo zinachokera ku pepala la kutali, osati kwa anthu amene ankakhala nawo. Wolamulira wosasankhidwa ndi anthu saona chifukwa chowamvera, ndipo aliyense wodandaula amasanduka woukira.

Ife Amalawi mapepala otere tikuwadziwa. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira Azungu umwini wa malo aakulu ku mapiri a Shire, ndipo anthu a pamalopo anagwa m'thangata. Mkwiyo wake unaphulika mu 1915 ndi John Chilembwe.

Mpaka lero akatswiri akukumbabe pansi kufunafuna kumene anthu a White anathera. Ndi bwino, akumbe. Koma amene anagona panja usiku umene Aquascogoc unapsa nawonso anali anthu, ndipo maina awo palibe anawalemba. Aliyense wokhala pampando, kaya ndi mtsamunda kaya ndi mwana wa m'dziko momwemo, akumbukire Roanoke: ukatentha nkhokwe ya amene akukudyetsa, njala yake idzagwera ana ako.